Tafunsani: Munthu akaphedwa, mwini mlandu ndi banja kapena boma?

Mwezi uno makalata angapo abwera pa nkhani imodzi, yakupha munthu, momwe Shariya, malamulo a Chisilamu, imauonera mlanduwu ndi momwe malamulo a boma amauonera. Ndasankhapo asanu, maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Funso: Assalam alaikum akonzi. Ine ndi mayi wa ku Mangochi, cha kunyanja. Mchimwene wanga anabayidwa ndi mpeni pamsika atakangana ndi mnzake amene ankapikula naye usipa, nkhani yake ya ndalama basi, anamwalira tikuthamangira naye kuchipatala. Wasiya mkazi ndi ana atatu, awiri aamuna, wamkuluyo ali sitandade 5. Bambo athu anatisiya kale. Wobayayo ali pa rimandi. Nde abale ake akhala akubwera kwathu ndi a mfumu komanso a shehe, akuti atipatsa ng'ombe ziwiri ndi ndalama pang'ono kuti tikhululuke tikatseke mlandu kupolisi, akuti Qur'an imalola. Mayi athu akuti iwo atopa ndi kulira, akhululuka. A malume akuti oyankha ndi iwo poti ndi eni mbumba. Ine mtima ukukana. Chilungamo chili pati apa?

Yankho: Wa alaikum salaam mayi. Inna lillahi wa inna ilayhi raji'un, pepani kwambiri, Allah awakhululukire achimwene anuwo ndipo awasunge ana asiyidwawo.

Ndiyambe ndi zakupolisizo poti ndi zimene zingakulowetseni m'mavuto msanga. Mlandu wakupha simungautseke, olo banja lonse litasainira kalata a mfumu nkudindapo chidindo chawo. Pa malamulo a dziko lino amene akumuimba mlandu munthu uja si inu ayi, ndi boma, nchifukwa chake pa fayilo amalemba kuti Republic kutsutsana ndi uje, dzina la banja lanu mulibemo, inuyo mumalowa ngati mboni basi. Timilandu ta kumenyana wamba kapena kutukwanizana khothi limatha kunena kuti pitani mukagwirizane kumudzi, koma wakupha ayi, ndipo suzengedwa kwa majisitireti, umapita ku High Court. Amene ali ndi mphamvu youimitsa ndi a DPP, mkulu woimira boma pa milandu, osati a mfumu, osati a malume, ngakhale wapolisi amene akufufuzayo. Ndiye samalani, mukalandira ng'ombe molonjeza kuti mubisa zomwe mukudziwa kapena simukaonekera kukhothi akakuitanani, mwapalamula mlandu wina pa inu nokha. Chipepeso chopanda lonjezo lotere palibe lamulo lochikaniza, ndipo loya wa wopalamulayo atha kudzachitchula popempha jaji kuti achepetse chilango, jaji nkuona yekha ngati chili ndi kulemera.

Muyembekezenso kumva mawu awiri kukhothiko. Penal Code yathu, buku la malamulo a milandu yaupandu, imasiyanitsa kupha mwadala, gawo 209, ndi kupha kopanda cholinga chofuna kupha, gawo 208. Ngati loya aonetsa kuti munthuyo anaputidwa koopsa nkubaya nthawi yomweyo mtima usanatsike, mlandu umatha kutsikira ku wachiwiriwu, ndipo mabanja ambiri amatuluka m'khothi akulira chifukwa palibe anawafotokozera kuti zimenezi zimachitika. Wakupha mwadala chilango chake chachikulu ndi imfa kapena moyo wonse m'ndende, koma majaji amaperekanso zaka zowerengeka poona mmene zinachitikira.

Tsopano ku Shariya. A shehe aja sananame, koma akuuzani theka. Mu Surah Al-Baqarah ndime 178 muli lamulo la qisas, kuti wopha mwadala naye aphedwe, ndipo ndime yomweyo ikupitiriza kuti ngati wakhululukidwa ndi m'bale wake, pakhale kulipira mwaubwino, ndipo ikutchula kuti kumeneku ndi kupepukitsa ndi chifundo chochokera kwa Mbuye wanu. Ndiye eni malemu ali ndi njira zitatu, kufuna qisas, kulandira diya yomwe ndi malipiro a magazi a malemu, kapena kukhululuka ulere. Kusiyana kwenikweni ndi malamulo a boma kuli pomwepa. Ku boma mwini mlandu ndi dziko, ku Shariya mwini magazi ndi banja, qadi, amene ndi jaji wa Shariya, amaweruza kuti munthu wapha inde, koma mawu omaliza pa moyo wa wopha uja amachokera kwa oferedwa. Ndipo Shariya imayang'ana kwambiri chida chomwe munthu wagwiritsa, mpeni wolasa pachifuwa ndi dala basi, zoti anandiputa sizitsitsa mlandu mmene zimachitira ku High Court.

Koma banja lake ndi liti? Apa a malume andikhululukire. Pa chikhalidwe chathu mwini mbumba ndi amene amakhala kutsogolo pa maliro ndi pa milandu, ndipo ulemu umenewo asawalande munthu, koma pa Shariya eni magazi ndi amene amalowa m'chuma cha malemu. Kwa achimwene anu amenewo ndi mayi anu, mkazi wawo, ndi ana atatu aja. Malemu akasiya mwana wamwamuna, abale ake obadwa nawo salowa m'chuma, ndiye inuyo mwalemba kalatayi ndi a malume nonse muli kunja pa nkhani imeneyi, olo mtima ukupweteka chotani. Pa mazhab a Shafi'i, imodzi mwa sukulu zomasulira malamulo a Chisilamu, yomwe Asilamu ambiri kuno amatsata, m'modzi yekha mwa olowa m'chuma akakhululuka qisas imagwa, sungaphe munthu theka. Choncho mawu a mayi anu ndi olemera zedi. Koma mayi anuwo angakhululuke gawo lawo lokha la diya, lomwe ndi limodzi mwa magawo 6. Mkazi ali ndi limodzi mwa magawo 8, zotsala zonse ndi za ana, ndipo gawo la mwana wamasiye palibe amene angalitaye ulere m'malo mwake, kaya agogo, kaya a mfumu, kaya a shehe. Mfundo imeneyi ndi yomwe sindikuimva m'zokambirana za kwanuko ndipo ndi imene yandiwawa kwambiri powerenga kalata yanu.

Nanga diya yake ndi zingati? Muyeso womwe Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anaika ndi ngamila 100, ndipo ma ulama, akatswiri a maphunziro a Chisilamu, anauwerengera kukhala madinari agolide 1,000. Ku Saudi Arabia kuyambira 2011 anaika mariyali 400,000 pa kupha mwadala ndi 300,000 pa kupha mwangozi. Pa kupha mwadala wolipira ndi wopha yemweyo kuchokera m'thumba mwake. Mabanja amaloledwa kugwirizana zocheperapo poona umphawi wa anthu, palibe akukana, koma munthu asabwere ndi ng'ombe ziwiri nkumati iyi ndi diya ya m'Qur'an, anene poyera kuti ndi zomwe takwanitsa, ndipo zipite kwa mkazi ndi ana, zisathere pa sadaka ndi kugawana akuluakulu.

Kukhululuka kochita kukakamizidwa, a mfumu atakhala apo a shehe apo gogo akulira pakati, sindikukuwerengera. Mayi anu apatsidwe mpata alankhule paokha popanda alendo. Akakhululukadi ndi mtima wawo, malipiro awo ali kwa Allah ndipo musawadzudzule. Koma kukhululukako sikuletsa aliyense wa inu kukanena kukhothi zomwe anaona, Surah yomweyo ya Al-Baqarah ndime 283 ikuletsa kubisa umboni, ikuti wobisa mtima wake ndi wochimwa.

Ndinenenso maganizo anga. Malamulo athu a boma amawaiwala oferedwa. Jaji akagamula zaka zakutizakuti, apolisi amatenga munthu wawo kupita naye ku Zomba kapena ku Chichiri, mkazi wamasiye amakwera minibasi kubwerera kumudzi chimanjamanja, fizi ya ana palibe waitchula. Njira yosumira chipukuta misozi payokha ilipo, a Legal Aid Bureau atha kukuunikirani, koma munthu ali m'ndende alibe kanthu mumulanda chani. Pamenepa Shariya inaona chinthu chomwe lamulo tinatengera kwa Angerezi silinachilabadire mokwanira.

Funso: Akonzi, ndine dalaivala wa minibasi, Msilamu, ndimayenda Balaka–Liwonde. Ndinagunda mwana wa sukulu amene anatulukira kutsogolo kwa lole yoima, anamwalira. Mlandu uli kukhothi koma tulo sindikupeza. Anzanga ena kumzikiti akuti ndine wakupha, Jahannam ikundidikira. Zoona?

Yankho: Achimwene, anzanuwo akusokoneza ndime ziwiri zoyandikana. Ya Jahannam ndi Surah An-Nisa ndime 93, ndipo ikunena za wopha mwadala. Yanu ndi ndime 92, yopha mwangozi, ndipo m'menemo mulibe qisas, mulibe Jahannam. Muli zinthu ziwiri, diya kwa banja la malemu pokhapokha iwo eni atakhululuka, ndi kaffara, chofafanizira tchimolo, yomwe inali kumasula kapolo, ndipo amene sangathe asale miyezi iwiri yotsatizana. Poti ukapolo kulibe, kwatsala swaumuyo, ndipo mukadumphitsa tsiku popanda chifukwa chovomerezeka mumayambiranso. Banja litha kukukhululukirani diya koma kaffara ayi, imeneyo ndi ya pakati pa inu ndi Allah.

Diya ya ngozi siigwera munthu m'modzi. Imalipiridwa ndi aqila, abale a kuchimuna a wopalamulayo, mogawana pa zaka zitatu, cholinga munthu asasweke ndi chinthu chomwe sanafune. Mashehe ena a masiku ano amaona kuti ndalama ya inshuwalansi ya galimoto itha kuimira pamenepo, nde onetsetsani kuti bwana wanu wapereka mapepala a inshuwalansi kuti banja lija likalandire chipukuta misozi, musawasiye azizunzika okha m'maofesi. Ambirinso amanena kuti ngati dalaivala analibe vuto lililonse, liwiro linali loyenera, mabuleki abwino, maso ali pamsewu, ndipo panalibe njira yopewera, ndiye palibe diya kapena kaffara. Izi mukudziwa ndinu mumtima mwanu, ngati munali pa mpikisano wolimbirana pasenjala ndi minibasi inzanu musadzinamize, salani.

Kukhothi nako akuyang'ana funso lomwelo, ngati munayendetsa mosasamala kapena ayi, pansi pa malamulo apamsewu. Kusala kwanu sikuthetsa mlandu wa boma ndipo faindi ya boma siilowa m'malo mwa kaffara. Pitaninso mukapepese makolo a mwanayo kudzera mwa akuluakulu ngati simunapite.

Funso: Ine ndine mkhristu wa ku Ndirande ndipo sindikunyoza chipembedzo cha wina aliyense, koma nkhani ya diya imandivuta. Sikugula moyo wa munthu kumeneku? Olemera azipha nkumalipira, osauka okha nkumadulidwa khosi?

Yankho: Bambo, funso lanu ndi lachilungamo ndipo Asilamu ambiri ophunzira amalifunsanso, sindikubisirani zoipa zomwe zachitikapo.

Ku Pakistan analowetsa qisas ndi diya m'malamulo a dziko mu 1990. Mu January 2011 mu mzinda wa Lahore, Raymond Davis, m'Amereka amene ankagwira ntchito ya CIA, bungwe la ukazitape la dziko lake, anawombera anthu awiri pamsewu masana. Dziko lonse linawira, mkazi wa m'modzi mwa ophedwawo anamwa poizoni nkumwalira atanena kuti sakuona kuti chilungamo chichitika. Mu March chaka chomwecho abale a malemu anaonekera kukhothi nkunena kuti akhululuka, panaperekedwa ndalama zoposa madola 2 miliyoni, tsiku lomwelo Davis anakwera ndege. Loya wa mabanjawo anadandaula poyera kuti anthu ake anachita kukakamizidwa. Apa ine sindiona chifundo chomwe Qur'an ikunena, ndiona maboma awiri akugwiritsa ntchito lamulo la Mulungu potulukira pa vuto lawo la ndale.

Vuto lina ndi lalikulu kuposa la ndalamali, ndi pamene wopha ali m'banja lomwelo. Mu July 2016 mtsikana wotchuka pa intaneti ku Pakistan komweko, Qandeel Baloch, anaphedwa ndi mchimwene wake amene ananena poyera kuti mlongo wakeyo amachititsa manyazi banja. Eni magazi ndani pamenepo? Makolo, omwenso ndi makolo a wopha uja. Khoswe akakhala pamkate sapheka. Nyumba ya malamulo ya dzikolo inasintha lamulo mu October 2016 kuti wopha m'dzina la ulemu wa banja asamatuluke chifukwa chokhululukidwa, mnyamatayo anagamulidwa moyo wonse m'ndende mu 2019, koma mu 2022 khothi la apilo la Lahore High Court linamumasula, makolo anali atamukhululukira kale. Pa milandu yotere lamulo la boma lomwe limati mlandu si wa banja limateteza bwino mtsikana, izi ndikuvomereza popanda kuzungulira. Palinso nkhani yoti m'mabuku akale a fiqh, omasulira malamulo a Chisilamu, diya ya mkazi ndi theka la ya mwamuna, ndipo mazhab ena amatsitsa ya munthu yemwe si Msilamu pomwe a Hanafi amati ndi yofanana. Ma ulama ena a masiku ano amatsutsa za thekazo ponena kuti ndime ya Qur'an sinasiyanitse.

Koma pali zinthu ziwiri zomwe funso lanu lasiya. Choyamba wolemera sangakakamize banja kulandira ndalama, akakana akana, olo abwere ndi golide wodzaza lole. Chachiwiri kukhululuka kwa banja sikumanga manja a boma. Pa mazhab a Maliki wopha mwadala amene wakhululukidwa amakwapulidwa zikoti 100 nkumangidwa chaka, ndipo ma ulama ambiri amavomereza kuti wolamula atha kupereka chilango cha ta'zir, chomwe amasankha yekha, poteteza anthu, maiko omwe amatsata malamulowa masiku ano amaikadi zaka za ndende pamwamba pa diya. A Maliki omwewo amati kupha kochita kumunyengerera munthu mpaka kumalo obisika, komwe amakutcha ghila, kulibe chikhululuko cha banja, ndi mlandu wolakwira anthu onse. Wopha salowanso m'chuma cha amene wamupha.

Ndiye pali zomwe zinachitika ku Iran mu April 2014, m'tauni ya Nur. Mnyamata wina dzina lake Balal anabaya mnzake pa ndewu ya pamsewu zaka 7 m'mbuyomo, tsiku lonyongedwa linafika, anamuimika pampando atamumanga m'maso chingwe chili m'khosi khamu likuonerera. Mayi a malemu, Samereh Alinejad, ndi amene anayenera kukankha mpandowo. Anafika pafupi, anamumenya mbama, kenako iwo ndi amuna awo anamuchotsa chingwe m'khosi. Mayi a Balal anathamanga kukawakumbatira, azimayi awiriwo nkumalira limodzi. Kunyonga munthu pagulu ine sindikugwirizana nako, koma taonani mphamvu yomwe mayi uja anapatsidwa, lamulo linamufunsa iyeyo. Kwathu kuno mayi woferedwa amakhala pa benchi yakumbuyo, zokamba zili m'Chingerezi akumva kudzera mwa womasulira, nthawi zina tsiku la chigamulo samalidziwa nkomwe. Ndimafuna titatenga mbali imeneyo, yomumvera woferedwa ndi kumupatsa chogwira m'manja, koma kiyi wa ndende akhalebe ndi khothi.

Funso: Akonzi inu, anthu akupha anzathu achialubino, akupha a kabaza kuwalanda njinga zamoto, boma likungowadyetsa nsima kundende ndi misonkho yathu. Bwanji osangotengera Shariya wopha aphedwe basi? Kwathu kuno ku Machinga tikamugwira sitidikiranso apolisi.

Yankho: Achimwene, mkwiyo wanu ndikuumva, koma chiganizo chanu chomalizacho chandiopsa ndipo ndiyambira pomwepo. Palibe mazhab ngakhale amodzi amene amalola gulu la anthu kupha munthu pamsewu. Qisas imachitika pokhapokha qadi ataweruza ndipo wolamula dziko atavomereza, m'bale wa malemu akadzichitira yekha amalangidwa. Surah Al-Isra ndime 33 ikupereka mphamvu kwa mlowam'malo wa wophedwa, ndipo pomwepo ikumuletsa kupyola malire pa kupha. Ndiye zootcha nyumba ya mayi ake a woganiziridwa, zomenya mng'ono wake poti mwiniwake wathawa, zomuveka munthu tayala nkuthira petulo, zonsezi ndi haramu, Mtumiki analetsa kulanga ndi moto. Mukapha munthu amene simunamuzenge mlandu, pa Shariya yomwe mukuitamayo inuyo ndi amene mukuyenera qisas, ndipo ngati munali khumi nonse khumi, Umar ibn al-Khattab anapha gulu la anthu a ku Sanaa chifukwa chopha munthu m'modzi. Ku boma nakonso ndi gawo 209 lomwe lija. Kumbukirani agogo anayi amene anaphedwa ku Neno mu January 2016 powanamizira ufiti mphezi itapha mtsikana, amene anawapha nawonso ankati akuchita chilungamo.

Shariya siipha mophweka ngati mmene anthu amaganizira. Pamafunika mboni ziwiri zachimuna zodziwika kuti ndi zolungama zomwe zinaona ndi maso, kapena wopalamula avomere yekha mosakakamizidwa, ndipo pakakhala chikaiko qisas imagwa kutsala diya. Pali njira ina ya qasama, malumbiro 50 a abale a malemu pamene zizindikiro zilipo koma mboni palibe, koma kwa a Shafi'i imeneyo imabweretsa diya yokha osati imfa. Kumpoto kwa Nigeria zigawo 12 zinayamba kugwiritsa Shariya pa milandu yaupandu kuyambira ku Zamfara mu 2000, koma opha anthu amene aphedwadi ndi chigamulo cha makhothi amenewo ndi ochepa kwambiri, wodziwika ndi Sani Yakubu Rodi amene ananyongedwa mu January 2002.

Kuno kwathu chilango cha imfa m'buku chilipobe. Omaliza kunyongedwa anali mu 1992, nthawi ya Kamuzu, pamene milandu yakupha inkazengedwanso m'makhothi a mafumu momwe loya sankaloledwa kulowa. A Bakili Muluzi, amene ndi Msilamu, atalowa mu 1994 anakana kusainira kuti munthu anyongedwe, ndipo apulezidenti onse obwera pambuyo pawo sanasainirepo. Mu 2007 pa mlandu wa Kafantayeni, High Court inagamula kuti nkosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingopatsidwa imfa jaji osamva kaye mmene zinakhalira. Kuyambira 2015 akaidi oposa 150 anawamvanso milandu yawo, ndipo zomwe zinatuluka m'menemo ndi zimene zimandipangitsa kuopa chingwe, ena anali odwala misala, ena anali ana pomwe ankapalamula, ena mafayilo awo anasowa osadziwika kuti umboni unali wotani, ambiri anatulutsidwa. Akanakhala kuti ananyongedwa kale tikanawabweza bwanji? Mu April 2021 Supreme Court pa mlandu wa Khoviwa inamveka ngati yathetseratu chilango cha imfa, koma mu August chaka chomwecho majaji anafotokoza kuti ambiri mwa iwo sanagamule zimenezo, nde chinabwerera. Anzathu a ku Mozambique anachichotsa mu 1990, South Africa mu 1995, Zambia mu 2022, Zimbabwe kumapeto kwa 2024.

Za anzathu achialubino, mlandu wa kwanu konko wa MacDonald Masambuka amene anaphedwa mu 2018 unatha mu 2022, anthu 12 anapezeka olakwa pa milandu yosiyanasiyana, asanu anapatsidwa moyo wonse m'ndende, ndipo mwa opezeka olakwawo munali wansembe, wapolisi, ndi mchimwene wake weniweni wa malemuyo. Taganizani mlandu umenewu ukanakhala m'manja mwa banja lokha. Zaka zinayi ndi zambiri kudikira, ndipo kuchedwa kwa milandu ndi kumene kumapsetsa anthu mtima mpaka kutola miyala, pamenepo tikuyenera kukuwa tonse, majaji achuluke, apolisi akhale ndi mafuta ofikira pamalo msanga, mboni zitetezedwe. Koma mukamugwira munthu mperekeni kupolisi ali moyo, wakufa satchula amene anamutuma.

Funso: Mng'ono wanga akugwira ntchito ya m'nyumba ku maiko a Aluya. Si Msilamu. Atati zamuvuta kumeneko, mwachitsanzo wamenyana ndi munthu mpaka imfa, amuweruza ndi malamulo a kuno kapena a konko?

Yankho: A konko mayi, chipembedzo chake kapena pasipoti yake sizisintha kanthu. Chitsanzo chapafupi ndi Stephen Munyakho wa ku Kenya amene ankagwira ntchito ku Saudi Arabia. Mu 2011 anamenyana ndi mnzake wa kuntchito wa ku Yemen, mnzakeyo nkumwalira. Poyamba anamupatsa zaka 5, koma banja la malemu linachita apilo, mu 2014 chigamulo chinasintha kukhala imfa. Banjalo pambuyo pake linavomera diya ya mariyali 3.5 miliyoni, mayi ake anayenda ponseponse kupempha thandizo, boma la Kenya linakambirana kuti tsiku lophedwa lisunthidwe, mpaka bungwe la Muslim World League linalipira, munthuyo anatuluka mu July 2025 patatha zaka 14. Muone kuti ndalama ya mgwirizano imatha kukwera kuposa muyeso wa boma chifukwa banja ndi limene limatchula.

Maiko a kumeneko samafanana onse, Saudi Arabia imatsata qisas kwambiri, ena ali ndi mabuku a malamulo osakaniza Shariya ndi malamulo a ku Ulaya, ku United Arab Emirates mwachitsanzo diya inaikidwa pa madirihamu 200,000. Muuzeni mng'ono wanuyo asunge nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi amene amayang'anira dziko lomwe aliko, inunso kuno mukhale ndi fotokope ya pasipoti yake, kontirakiti, dzina la bwana ndi la ejenti amene anamutumiza. Zikavuta asasaine pepala lililonse la Chiarabu lomwe sakulimva, apemphe womasulira ndi loya, chifukwa kumeneko kuvomera kolembedwa ndi umboni wolemera kwambiri ndipo kuubweza nkovuta. Inu kuno thamangani ku unduna woona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena ku Lilongwe tsiku lomwelo mwamva, musadikire kuti ejenti akonza. Ndipo ngati iyeyo ndi amene wavulazidwa kapena kuphedwa, Mulungu aletse, banja lanu lili ndi ufulu wofuna diya, musalole kuti angokutumizirani bokosi ndi tindalama ta maliro nkukusainitsani kuti nkhani yatha.